William Koyi, Munthu wa Theka la Talente

Pamene tikamba za chiyambi cha Mpingo m'dziko lathu lino, maina amene afulumira kufika pakamwa pathu ndiwo a Azungu, monga Livingstone, Laws, Henderson, Scott ndi Hetherwick. Kuyenera ndithu kuwakumbukira, pakuti anagwira nchito yaikuru, ndipo anzao ambiri agona m'manda a ku Cape Maclear, a ku Bandawe ndi a ku Blantyre. Koma pakati pao panalinso anthu akuda onga ife, amene anasiya kwao ndi abale ao, nadza kuno monga alendo chifukwa cha Kristu. Mwezi uno tifuna kufotokozera abale athu a ku Chileka ndi a ku Lirangwe, pamodzi ndi onse akuwerenga nyuzi ino, mbiri ya mmodzi wa iwo, dzina lache William Koyi. Sanali mbusa, sanali dotolo, ndipo maphunziro ache anali ochepa. Koma khomo la kwa Angoni a kumpoto, limene linali lotseka kolimba, Mulungu analitsegula ndi dzanja la munthu ameneyu.

UBWANA WACHE

Koyi anabadwa m'chaka cha 1846 pafupi ndi Thomas River, m'dziko la Axhosa, kum'mawa kwa Cape Colony ku South Africa. Pobadwa iye, makolo ache sanali Akristu. Ali mnyamata wa zaka ngati khumi, tsoka lalikuru linagwera mtundu wache. Mtsikana wina, dzina lache Nongqawuse, anauza anthu kuti mizimu ya makolo yalamula kuti aphe ng'ombe zao zonse ndi kuleka kulima, ndipo akatero akufa adzauka, nadzabwera ndi ng'ombe zatsopano ndi dzinthu zosatha. Ambiri anamvera mau amenewo. M'zaka za 1856 ndi 1857 makola anatsala apululu, ndi nkhokwe zinakhala zopanda kanthu. Akufa sanauke iai, koma amoyo ndiwo anatsata akufa, pakuti njala inapha anthu zikwi makumi angapo, ndipo otsala anabalalika kukafuna nchito kwa Azungu kuti apeze chakudya.

Mmodzi wa obalalikawo anali Koyi. Poyamba anagwira nchito kwa alimi, akutsogolera ng'ombe zokoka ngolo, ndiyo nchito ya kamnyamata koyenda m'pfumbi patsogolo pa ng'ombe tsiku lonse. Atakula anamuka ku Uitenhage, kumene anatsuka ubweya wa nkhosa zaka zingapo, ndipo pambuyo pache analowa nchito ya m'sitolo ku Port Elizabeth. Sanalowepo m'sukulu, koma mtima wache unakhumba kuwerenga, ndipo anadziphunzitsa yekha pang'ono pang'ono kufikira anakhoza kuwerenga chinenero cha kwao. M'chaka cha 1869 anatembenuka mtima, nalandiridwa mu Mpingo wa Wesleyan komweko ku Port Elizabeth.

Tsiku lina, pa nthawi ya kupumula masana, anatola tsamba lotayika la nyuzi ya ku Lovedale, naliwerenga. Lovedale inali sukulu yaikuru ya Mishoni ya Free Church of Scotland, pafupi ndi mudzi wa Alice, kumene anthu akuda anaphunzira za m'mabuku ndi nchito za manja. Koyi anafunsa kutalika kwache, ndipo anamuuza kuti ndi mailosi 150. Iye anasiya nchito yache ndi malipiro ache, nayenda pansi mtunda wonsewo, nafika ku Lovedale m'chaka cha 1871. Pamenepo anali munthu wamkuru wa zaka 25, koma sanachite manyazi kuphunzira pamodzi ndi anyamata ang'ono. M'mabuku sanapose anzache. Chimene akuru a sukulu anaona mwa iye ndicho kukhulupirika, kotero kuti anamuika athandize kuyang'anira anyamata pa nchito za pabwalo ndi za kumunda. Inu amene mulandira nyuzi ya Mpingo, musaipeputse, ndipo mutawerenga mupatsire mnzanu. Pakuti tsamba limodzi lotayika ndilo linaonetsa Koyi njira.

KUITANIDWA KWACHE

Mkuru wa sukulu ya Lovedale anali Dotolo James Stewart, amene anaonapo mtsinje wa Shire kale m'masiku a Livingstone. Ndiye anapempha Mpingo wa ku Scotland m'chaka cha 1874 kuti uyambe Mishoni pa nyanja yathu, yokumbukira Livingstone. Ulendo woyamba unafika m'chaka cha 1875 ndi kasitima kao Ilala, numanga pa Cape Maclear. Chaka chotsata chache panafunika anchito ena, ndipo mau anamveka ku Lovedale akuti ndani adzamuka. Anyamata 14 anadzipereka, ndipo mwa iwo anasankha anai: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi.

Ena a iwo anali ophunzira bwino koposa Koyi, ndipo iye anadziwa chimenecho. Podzipereka anakumbukira fanizo la Ambuye la akapolo amene analandira matalente, wina asanu, wina awiri, wina imodzi. Nati iye alibe ngakhale imodzi yathunthu, koma theka lokha. Komabe afuna kumuka, chinkana nchito yache ikakhale ya kutema nkhuni ndi kutunga madzi. Mau amenewa sanali a pakamwa pokha, monga tidzaona m'zaka khumi zimene zinamtsalira.

MAPAZI ACHE M'DZIKO LATHU

Anachoka kwao pakati pa chaka cha 1876 pamodzi ndi Dotolo Stewart ndi Azungu ena, ena a ku Livingstonia, ena odzayamba Mishoni ya Blantyre. Anayenda pa nyanja yamchere kufikira ku Quelimane, nakwera Zambezi ndi Shire m'ngalawa, masiku ambiri pa dzuwa ndi udzudzu. Pofika pa mathithi a Shire, omwe aja ali kumadzulo kwa Chileka, ngalawa sizikhoza kupita. Chifukwa chache a ku Livingstonia anayenda pansi, ndi akatundu pamitu pa amtengatenga, kufikira kumtunda kwa mathithi kumene Ilala inawalandira. Anafika ku Cape Maclear m'mwezi wa October, mwezi womwewo umene Mishoni ya Blantyre inayambika m'dziko la mfumu Kapeni.

Dziko lino silinawalandire mofatsa. Wauchope anadwala kolimba, ndipo anambweza kwao asanayambe nchito. Mngunana anaphunzitsa ana pa sukulu ya ku Cape Maclear, koma anamwalira m'chaka cha 1877, chaka chomwecho chimene anamwalira Dotolo William Black. Mwa anai aja anatsala awiri okha chisanathe chaka chimodzi.

Nchito ya Koyi ya tsiku ndi tsiku inali monga ananena yekha. Anayang'anira anthu odula mitengo, omanga nyumba ndi olima minda. Anaphunzira Chinyanja pakukhala ndi anthu a nchito. Ndipo pa nthawi ya mapemphero anawafotokozera Mau a Mulungu. Masiku omwewo Mishoni ya Blantyre inali yofoka ndithu, pakuti inalibe mbusa kufikira anadza Duff Macdonald m'chaka cha 1878, ndipo Henry Henderson anapempha thandizo ku Livingstonia. Mwa iwo amene anatumidwa kudzathandiza munali Koyi ndi Ntintili, amene anagwira nchito ya sukulu ndi ya mapemphero pa Blantyre. Ndipo Ntintili, amene anali mmisiri wa matabwa, anakhalitsa kuno koposa mnzache. Nthawi yomweyo James Stewart wina, mmisiri wa miseu, mbale wache wa Dotolo Stewart, anayesa mseu wolambalala mathithi, wochokera kunsi kwa Shire, kudzera ku Blantyre, kukafika ku Matope. Yense wochoka ku Blantyre kunka ku nyanja anadzera njira ya ku Matope, ndiyo yopita pa Lunzu ndi pa Lirangwe. Tsono abale, Koyi sali mlendo wa kutali kwa ife. Fumbi la dziko lathu lomwe lino linakhala pa mapazi ache.

CHUMA CHIMENE SANACHIDZIWE

Koyi anali nacho chuma china chimene sanachiwerengere podziyesa wa theka la talente, ndicho chinenero cha amai wache. Angoni anachokera kumwera, ndipo gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi m'chaka cha 1835. Chingoni chao chinali pa chibale ndi Chizulu ndi Chixhosa, kotero kuti munthu wa kwao kwa Koyi anakhoza kumvana nao popanda womasulira. Masiku amenewo Angoni anali mtundu wa nkhondo woopedwa ponse ponse. Makolo athu a kuno anadziwa bwino chimenecho, pakuti m'chaka cha 1884 nkhondo ya Chikusi inaoloka Shire, ndipo anthu anathawira m'mapiri ndi ku Mishoni. Ambiri a ife lero tiri zidzukulu za othawa, ndi ena tiri zidzukulu za othawitsa, ndipo tikhala pa mpando umodzi m'nyumba ya Mulungu. Koma kale sikunatero.

M'chaka cha 1878 Dotolo Laws ndi Stewart mmisiri uja anayenda ulendo wautali kumadzulo kwa nyanja, kufuna malo abwino oposa Cape Maclear, ndipo anatenga Koyi. Anafika kwa Chikusi, napitirira kumpoto kufikira anakomana ndi Angoni a kwa Chipatula Nhlane, nduna ya M'mbelwa. Ponse pamene anakomana ndi Angoni, Koyi ndiye anali pakamwa ndi makutu a Mishoni. Angoni anazizwa kuona munthu wobvala ngati Mzungu, wolankhula monga analankhulira makolo ao, wodziwa kupereka ulemu pa bwalo la mfumu. Pambuyo pache anakhala nthawi ku Kaning'ina, pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja ndi Angoni a kumapiri. M'chaka cha 1880 anabwerera kwao kukapumula, nakwatira komweko. Ntintili anabwereranso kwao osadzanso kuno. Koyi akadafuna kukhala, palibe akadamtsutsa, pakuti anali ataona manda a anzache, koma anabweranso.

PA KAMTSINJE

Mishoni inasamuka ku Cape Maclear kunka ku Bandawe m'chaka cha 1881, nikhala pakati pa Atonga. Atongawo anali atapandukira Angoni zaka zapitazo, ndipo Angoni anali nao mkwiyo. Tsiku lina mbiri inamveka kuti nkhondo irinkutsika kumapiri. Akazi ndi ana anathawira ku Mishoni, ena nabisala m'miyala, ena m'mphepete mwa madzi. Pamenepo anapempha Koyi kuti apite akakomane nayo nkhondoyo.

Anayenda maora angapo wopanda mfuti, nawapeza atakhala pa kamtsinje, akulindira nthawi ya kuthira nkhondo pa mudzi wina wa Atonga. Anali anyamata aukali, ndipo pakumuona anayamba kubvina ndi nthungo ndi zishango pamaso pache, kotero kuti sanapeze mpata wa kulankhula. Koyi anapemphera mu mtima, nakhala pansi. Ndipo anabvula nsapato imodzi, natsuka phazi lache m'madzi mosafulumira, monga munthu ali pa dooko la kwao. Atatha anabvalanso, nakhala chete. Anyamata aja anazizwa, naleka kubvina, nakhala pansi iwonso. Tsono iye anawauza mofatsa kuti achita mwanzeru kupumula, popeza dzuwa liri kutentha. Onse anaseka, ndipo pamene anthu aseka pamodzi nthungo ilemera m'dzanja. Anayamba kukambirana, mudzi uja unapulumuka, ndipo anapangana kuti Koyi ndi Albert Namalambe, ndiye woyamba kubatizidwa wa Mishoni ya Livingstonia, akwere nao kumapiri kukaonana ndi M'mbelwa. Chotero iwo amene anatsika kudzapha anabwerera kwao akuperekeza amithenga a mtendere.

MASIKU A KU NJUYU

M'chaka cha 1882 Koyi anamanga pa Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu ndi mudzi wa Hoho wa a Nhlane, nakhala woyamba wa Mishoni kukhazikika pakati pa Angoni. Pambuyo pache anadza James Sutherland wa ku Scotland, ndi George Williams wa ku Lovedale, ndi Dotolo Walter Elmslie m'chaka cha 1885. Mkazi wa Koyi anamtsatanso kumeneko.

Munthu angayese kuti kulimba mtima kwache kunaoneka koposa pa kamtsinje paja. Koma ife tiyesa kuti kunaoneka koposa pa Njuyu. Kuopsa kwa pa kamtsinje kunatha tsiku limodzi, koma kulindira kwa pa Njuyu kunatha zaka zinai. Angoni analola kuti Mishoni ikhale, koma anakana sukulu, pakuti anaopa kuti ana akaphunzira Buku adzakana kugwira nthungo, ndipo mtundu udzafoka. Anafunanso kuti Azungu asiye Atonga ku Bandawe, nakwere onse kumapiri akhale ao okha. Kulalikira kunaloledwa pafupi pokha. Chotero mphunzitsi anakhala wopanda sukulu, ndi mlaliki wopanda wobatizidwa ndi mmodzi yense. Anaona nkhondo zirinkutuluka, nazionanso zirinkubwera ndi ng'ombe ndi anthu ogwidwa, osakhoza kuziletsa. Anthu anadza pakhomo pache kudzapempha nsaru ndi mikanda, ndipo akakana ena anamuopseza.

Nanga anachitanji masiku onsewo? Anachita zazing'ono zimene zinali pafupi ndi dzanja lache. Anakhala pansi ndi akuru, namvetsera nkhani zao kufikira atatha, osawadula pakamwa. Anapita ku bwalo la mfumu, nafotokozera Angoni maganizo a Azungu, ndi Azungu maganizo a Angoni, kuti kusamvana kusabale mwazi. Sanadzikuze pa anthu osabvala monga iye, ndiponso sanabise choona poopa mfumu. Tsiku la Mulungu anasonkhanitsa amene anafuna kudza, ngakhale anali owerengeka. Chifukwa cha makhalidwe amenewa Angoni anamutcha Umteteleli, ndiko kunena wonenera anzache mlandu, monga nkhoswe. Ndipo kumpoto adziwikanso ndi dzina la Mtusane. M'mene sukulu inali yoletsedwa usana, anyamata ena anayamba kudza usiku mobisika ku nyumba ya Mishoni kudzaphunzira kuwerenga, ndipo mwa iwo munali Mawelera ndi Makara Tembo, ana a sing'anga.

IMFA YACHE

Sutherland anamwalira m'chaka cha 1885, naikidwa pa Njuyu. Dzinja lotsata mvula inakana, ndipo nsembe za kwa mizimu sizinathandize. M'mwezi wa January 1886 akuru a Angoni anadza ku Mishoni kudzapempha kuti apemphere kwa Mulungu wa m'Buku. Anthu anasonkhana, mapemphero anachitika, ndipo m'mawa mwache mvula inagwa. Chimenechi chinafewetsa mitima ya ambiri. Koma tisaiwale kuti anthu sakadapita kukapempha pa khomo la munthu amene sanamkhulupirire, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinamangidwa ndi zaka zija za kukhala pansi ndi kumvetsera.

Pamenepo Koyi anali atayamba kudwala, ndipo mphamvu zache zinali kutha. Ali gone pa mphasa, mau anafika ochokera kwa M'mbelwa ndi nduna zache akuti tsopano alola kuti ana aphunzitsidwe ndi kuti Mau alalikidwe m'dziko lao. Atamva, anayamika Mulungu ndi pemphero lija la nkhalamba Simeoni, lolembedwa pa Luka 2, la munthu amene maso ache aona chimene anachilindira. Masiku owerengeka atapita anamwalira, pa 4 June 1886, ali ndi zaka 40, naikidwa pa Njuyu pafupi ndi Sutherland.

Sanaone sukulu imene anaipempherera, pakuti inatsegulidwa iye atagona kale. Sanaone ubatizo wa Mawelera ndi Makara Tembo m'chaka cha 1890, ndiwo oyamba mwa Angoni a kumpoto. Sanaone msonkhano waukuru wa ku Ekwendeni wa 1898, kumene anthu zikwi anasonkhana kudzamva Mau, ndipo amuna amene kale ananyamula zishango anakhala pa Gome la Ambuye. Iye analima ndi kubzala, ena anakolola. Koma Mpingo sunamuiwale, ndipo Sinodi ya Livingstonia inatcha nyumba yache ya alendo ku Mzuzu dzina la William Koyi.

CHIMENE TIPHUNZIRAPO

Pali mau amene timva kawiri kawiri m'midzi mwathu pamene Mpingo ufuna munthu wa kuphunzitsa kalasi, kapena wa kuyendera odwala, kapena wa kukayamba mapemphero ku mudzi wa kutali. Munthu ati, iye sanaphunzire, atume wina wodziwa. Koyi akadatero, palibe akadamnena wabodza, pakuti analidi wosaphunzira kwambiri. Koma anabwera nalo theka lachelo, naliika m'manja mwa Mwini nchito. Ndipo kunapezeka kuti chimene chinafunika pa Njuyu sichinali nzeru za m'mabuku, koma chinenero cha amai wache, ndi mtima woleza umene anauphunzira patsogolo pa ng'ombe ndi m'nyumba yotsukira ubweya. Mulungu anali kumkonzeratu m'zaka zomwe zija zimene iye anaziyesa zotayika. Kapena inunso muli nacho chinthu chimene simuchiwerengera: Chiyao, kapena Chilomwe, kapena Chisena chimene munayamwira, kapena luso la manja, kapena mtima wokhoza kuyanjanitsa abale okangana. Musachikwirire pansi.

Tiphunziranso kuti nchito ya Mulungu ku dziko la eni siikhala ya zozizwitsa masiku onse. Masiku ambiri a Koyi anali a nkhuni ndi madzi, a malungo, a kupempha ndi kukanidwa. Iye amene ayembekeza kuona zipatso mwezi womwewo adzabwerera msanga. Koma iye amene adziwa Mwini munda akhoza kulindira, ngakhale kufa asanalawe.

Mpingo wa Blantyre utakula unatumanso ana ache kunja, monga Lewis Bandawe, amene anagwira nchito ku Mihecani m'dziko la Mozambique kuyambira 1913, nathandiza kutembenuza Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Ndipo kuyambira kale kufikira lero ana athu ambiri amuka ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku midzi ina ya kumwera kukafuna nchito, ku dziko lomwe lija kumene Koyi anachokera. Sitiwatsutsa, pakuti umphawi ndiwo uwatuma. Koma tiwapempha, ndipo tipempha inu makolo muwakumbutse polankhula nao, kuti munthu wa dziko limenelo anadza kwa ife wosafuna ndalama, natisiyira mafupa ache. Mangawa amenewo ali pa ife. Mkristu wa ku Chileka kapena wa ku Lirangwe amene akhala mokhulupirika pa nchito yache ku dziko la eni, napemphera ndi anzache, nakhala woyanjanitsa pamene pali udani, ameneyo wayamba kubweza.

Ambuye atipatse ife tonse mtima umene unali mwa mtumiki wache William Koyi.